Silabu Yachisanu Pakhomo pa Mayi Zelipa

M'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, Mayi Zelipa ankatuluka ndi tsache kukasesa pakhomo. Tsachelo linali lakumudzi, lalifupi, losesa chowerama, ndipo likatha ankaitanitsa lina kwa aliyense wochokera ku Malawi. Nyumba yawo inali ku Stoke-on-Trent, mumsewu wa nyumba zanjerwa zogundana makoma, momwe chitseko chakumaso chimatsegukira pa pevumenti penipeni, njira ya oyenda pansi ya m'mphepete mwa msewu. Kunalibe bwalo, kunalibe mpanda. Panali masilabu a konkire asanu ndi awiri okha, kuyambira pa paipi yotsitsa madzi a mvula kukafika pansi pa zenera la a Maynard, nkhalamba yachizungu yoyandikana nawo. Masilabu amenewo ndiwo ankasesa.

Poyamba anthu a mumsewumo ankawafunsa ngati alembedwa ntchito ku khonsolo. Iwo ankangomwetulira, mpaka anthuwo anazolowera. Mayi Zelipa anakulira ku Ntcheu kwa azakhali awo, amene sankapereka phala kwa mwana asanasese. Anaphunzira unamwino, anagwira ntchito ku Lilongwe zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 2005 anakwera ndege pamodzi ndi anzawo ena kudzagwira m'zipatala za boma zakuno. Amuna awo, a Frackson, anatsatira patatha zaka ziwiri ndi mwana wawo Tiffany, amene tsopano ali ku yunivesite ku Coventry. A Frackson ankayendetsa vani yoperekera katundu m'makomo. Mayi Zelipa anali pa wodi ya okalamba. Sanali munthu wolankhulalankhula, koma anzawo ankadziwa kuti iwo amaona wodwala akuyamba kusintha makina asanalire.

M'maganizo mwawo, pakhomo pa munthu pamathera pamene payambira msewu. Zaka makumi awiri za ku England sizinachotse zimenezo.

Bondo la a Frackson litayamba kukana masitepe, banjali linaganiza zokuza khitchini kuseri ndi kumanga bafa pansi. Kuseriko kunalibe njira ya galimoto, choncho njerwa, mchenga ndi simenti zinayenera kutsitsidwa kumaso n'kudutsa m'kampata kapakati pa nyumba. Mmisiri ananeneratu kuti sayamba ntchito popanda mapepala awiri a ku khonsolo. Loyamba linali chilolezo choika pamsewu sikipi, chibini chachitsulo chotayamo zidutswa za njerwa. Lachiwiri linali chilolezo choti lole izikwera pa pevumenti potsitsa katundu. Pa lachiwirili khonsolo inafuna chikole cha mapaundi 2,500.

Kunabwera mtsikana wa ku khonsolo, dzina lake Jade, atavala jekete lachikasu lowala. Anajambula silabu iliyonse payokhapayokha, kenaka anafotokoza m'Chingerezi, pang'onopang'ono.

"Pevumenti iyi ndi ya khonsolo, si yanu. Pansi pake padutsa mapaipi a madzi, a gasi, ndi mawaya amagetsi. Ndalama yanu tikuisunga mpaka ntchito ithe. Ndikadzabweranso n'kupeza zili monga pazithunzizi, mudzailandira yonse. Pakaphwanyika, tidzakonza ife n'kudula pa ndalamayo. Chonde musakonze nokha chilichonse. Mukaona chachilendo, mundiimbire."

Chilolezocho chinalembedwa m'dzina la Mayi Zelipa. Koma ndalama imene anapereka inali kale ndi ntchito yake. Bambo awo anali atamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo abale anagwirizana kuti chiliza chimangidwa mu Seputembala. Mlongo wawo, a Everton, ndiwo ankayendetsa zonse kumudziko, akudalira ndalama yomweyo.

"Ingogonako miyezi iwiri, ibwerera," anatero a Frackson. "Seputembala ali kutali."

Sabata yachitatu ya ntchitoyo, Lachiwiri, Mayi Zelipa anasesa fumbi la simenti n'kuliunjika pamalire a silabu yachinayi ndi yachisanu. Analowa m'nyumba kukatenga chowolera. Pobwerako anapeza mulu uja utachepa. Kunja kunalibe mphepo. Anaima n'kuyang'anitsitsa. Fumbilo linkatsetsereka lokha kulowa mumpata wa pakati pa masilabu, monga chimanga chimatsikira m'chigayo. Mpatawo unali wosalowa n'chala chomwe. Anawerama naikapo chikhatho. Munkatuluka kamphepo kozizira, konunkha ngati m'chitsime chosiyidwa.

Sanauze munthu. M'mawa mwake anatenga chidebe cha madzi okolopera n'kuthira pampata paja. Madzi anapita onse, osasefukira, osasiya chithaphwi. Anayamba kuwerenga chamumtima monga amawerengera mtima wa wodwala. Atafika pa folo ndi pamene anamva madzi aja akugwa, kutali, pansi pa mapazi awo.

Pofika Lachisanu ngodya ya silabu yachisanu inali itatsika zala ziwiri. Kutitimira kotere anali atakuonapo kamodzi: pa manda a bambo awo mvula yoyamba itagwa, dothi litatsika pakati, m'mbali muli chiimire.

"Bambo a Tiffany, tabwerani mudzaone."

A Frackson anaponda silabuyo ndi phazi limodzi. Inagwedera.

"Ndi lole ya njerwa ija. Ndinamuuza dalaivala uja kuti asakwere kwambiri, koma mutu wake ngati sikipi yomweyi."

"Timuimbire mtsikana uja."

"Kuti atithokoze? Amake Tiffany, mukangoimba foni imeneyo, thu sauzande faifi handiredi yapita. Anthu awa pokonza silabu imodzi amabwera asanu ndi mmodzi, mavani awiri, wina ntchito yake kungogwira fulasiki. Bilu yake mudzalira."

"Anati tisakonze tokha."

"Anati asadzapeze chophwanyika. Kodi ku Ntcheu njira ya pakhomo ikakumbika mumalembera kalata a DC? Mchenga tili nawo, simenti tili nayo. Hafu awala basi."

Mayi Zelipa anafuna kunena za kamphepo kaja ndi za madzi aja. Koma anakumbukira a Everton, anakumbukiranso kuti pakhomo pakawonongeka mwini wake ndiye amakonza. Anatenga tsache lawo n'kulowa m'nyumba.

Loweruka mmisiri sanabwere. A Frackson anatenga chitsulo chake chotukulira, ndipo awiriwo ananyamula silabu ija n'kuitsamiritsa kukhoma. Pansi pake sipanali dothi lophwanyika ndi lole. Panali bowo lalikulu ngati mbale yodyera, ndipo mbali imodzi ya pakamwa pake panaoneka njerwa zakuda, zakale, zoyalidwa mokhota ngati za chitsime. A Frackson anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika. Kuwala kunangothera m'njira, osagunda kanthu.

"Ndi madzi anakokolola," anatero. "Tengani fosholo."

Mayi Zelipa ankadzaza wilibala kuseri, a Frackson n'kumakhuthula. Wilibala yoyamba inapita. Yachiwiri inapita. A Frackson anaseka, nati bowoli lili ndi njala ngati Tiffany akabwera ku holide. Yachitatu inapita. Pa yachinayi anasiya nthabwala. Mchenga wa mmisiri unali utatsala theka, koma bowo linali chimodzimodzi, ndipo kamphepo kaja kankawakhudzabe m'miyendo.

Kenaka chipande chopakira simenti chinawapulumuka a Frackson m'manja n'kugweramo. Onse awiri anaima kudikira. Basi inadutsa kumapeto kwa msewu. Njiwa inatera padenga. Chipande sichinamveke.

"Chagwera pamchenga," anatero a Frackson, osayang'ana akazi awo.

Anakatenga thabwa la chitseko chakale cha khitchini, analidula, navindikira bowo lija. Pamwamba anathira simenti, nabwezera silabu. Inakhala bwinobwino, mulingo umodzi ndi zinzake. Chotsala chinali choti simenti yatsopano ya m'mipata inkaoneka yoyera kwambiri. Mayi Zelipa ndiwo anagwada n'kuipaka dothi ndi chala mpaka inafanana ndi yakale. Palibe ankadziwa mtundu wa masilabu amenewo kuposa iwo.

Lolemba m'mawa a Maynard anatuluka ndi galu wawo wokalamba. Galuyo atafika pa silabu yachisanu ndi chimodzi anaumitsa miyendo, kenaka anakokera chingwe kumsewu. A Maynard sanamukakamize.

"Ndinakuonani Loweruka, ndinali pazenera," anatero m'Chingerezi chawo chokoka cha m'tauniyi. "Sindiuza munthu, si nkhani yanga. Koma ndifunseko. Mchenga uja unadzaza?"

Mayi Zelipa anayang'ana pansi.

"Sudzaza," anadziyankha okha a Maynard. "Bambo anga ankagwira mumgodi wa malasha, agogo anganso. Tauni ino pansi pake ndi mphako zokhazokha. Migodi yakalekale, ina ya malasha, ina ya dongo loumbira mbale, ikatha ntchito ankangotseka pakamwa ndi matabwa, n'kuthira dothi, ena n'kudzamanga nyumba pamwamba. Ina ili pamapu. Ina palibe anailemba. Matabwa amawola, mwana wanga. Amatenga zaka zana, koma amawola."

"Ndiye pano pali mgodi?"

"Sindikudziwa. Ndili mwana, hatchi ya wogulitsa mkaka inkakana kuima pamenepa. Amayi anga ankangoti ndi yaulesi."

"Nanga anthu amene ankagwira pansipo?"

A Maynard anakoka chipewa chawo.

"Ambiri anatuluka," anatero, n'kuwoloka msewu ndi galu wawo.

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Zelipa ankadumpha silabu yachisanu. Ntchito ya khitchini inapitirira. M'chipinda chochezera, chimene chili kumaso, akazimitsa TV masana ankamva kaphokoso kakang'ono ngati mpunga ukuthiridwa m'thumba. Kankamveka kwa kanthawi, n'kusiya, n'kuyambanso. Chitseko chakumaso chinayamba kukhula pansi potsegula. A Frackson anati ndi chinyontho, nachipala pang'ono. Patatha sabata chinayambanso kukhula.

Ku wodi, tsiku lina, akusintha nsalu za pabedi la gogo wina amene anakalamba mpaka kuiwala ana ake, gogoyo anawagwira mkono n'kufunsa ngati amuna ake atuluka pansi mumgodi. Mayi Zelipa anayankha monga amayankhira nthawi zonse, kuti atuluka, akusamba. Koma anakakhala m'chipinda cha mankhwala mphindi zingapo ali okha.

Jade anabwera Lachinayi lina mu Juni, sikipi itachotsedwa, lole zitasiya kubwera. Mayi Zelipa anali pa ofu. Mtsikanayo anayenda silabu ndi silabu, akufananiza ndi zithunzi zake.

"Mayi, ndayendera misewu yambiri, koma pevumenti yoyera chonchi sindinaione. Mungabwere kudzakhala mumsewu wa kwathu?"

Anaseka, naima kuti alembe. Anaima ndi mapazi onse awiri pa silabu yachisanu.

Mayi Zelipa sanamve zimene ankanena. Maso awo anali pa nsapato za Jade. Pafupi ndi chidendene chakumanzere, mu simenti imene iwo anapaka dothi, munali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. M'mawa munalibe.

"Lowani mudzamwe tiyi!"

Mawuwo anatuluka mokweza kwambiri moti Jade anadzidzimuka.

"Zikomo, koma ndili ndi nyumba zina zinayi," anatero, akulembabe pomwepo. "Zonse zili bwino. Ndikasaina mawa m'mawa ndikafika ku ofesi, ndalama yanu idzalowa pakatha masiku khumi."

Anasuntha, nalowa m'galimoto yake. Mayi Zelipa anaona kuti nthawi yonseyo anali atagwira mphuthu ya chitseko ndi manja awiri.

Masana onsewo anakhala pazenera, kuseri kwa katani. Sanafune kuwerenga, koma anawerenga. Wa positi anaponda. Amayi awiri ochokera kokagula zinthu anaponda. Kota pasiti firii ana a sukulu anatulukira m'magulu, ena akuthamangitsana, ena akudumpha ndi mwendo umodzi. Mayi wina anaimitsa kangolo ka mwana pa silabu yomweyo kuti ayankhe foni, ndipo analankhula mphindi zitatu, akugwedeza kangoloko uku ndi uku. Pamene dzuwa linkapendeka, anthu oponda pamenepo anali atakwana sate-wani.

A Frackson anabwera ndi nkhuku ndi tchipisi zogula.

"Yadutsa! Sindinanene? Bwana Frackson, injiniya wa misewu, bondo limodzi. Akanandilemba ntchito anthu amenewa."

Asanayambe kudya, foni ya Mayi Zelipa inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa a Everton. Anautsegula pomwepo patebulo.

"Achemwali, muli bwanji kumeneko? Kuno mmisiri wa chiliza akufuna yakutsogolo kuti agule miyala. Abale a ku Blantyre apempha kale tchuthi, azakhali nawo akuti ayamba kusunga mapira a thobwa. Tingomva kwa inu."

"Muwayankhe kuti masiku khumi," anatero a Frackson.

"Payamba mng'alu."

"Pati?"

"Mukudziwa."

A Frackson anaika foloko pansi.

"Chabwino. Tamvani, amake Tiffany. Ine sindikukana kuimba. Ndalama ikangolowa, tsiku lomwelo tidzaimbe, tidzati taona lero. Adzabwere ndi mavani awo, adzakonze ndi ndalama zawo. Masiku khumi okha."

"Lero apondapo anthu sate-wani."

"Mwawerenga?"

"Ndawerenga. Wina anaimitsapo mwana."

"Ndipo sipanachitike kanthu. Thabwa lija ndi lolimba, ndinalisankha ndekha. Mukakadziulula panopa si chikole chokha, palinso faini, ndipo dzina pa pepala lija ndi lanu, si langa. Alamu anga mukawauza chiyani? Kuti chiliza cha bambo chamezedwa ndi pevumenti ya ku England?"

"Ku wodi tikalakwitsa mankhwala timalemba tsiku lomwelo. Sitidikira kuti tione ngati wodwala afe."

"Pano si pa wodi."

 M'nyumba munati zii. Kunja kunali kukadawala, poti mu Juni dzuwa limachedwa kulowa. Ndipo mu bata limenelo onse awiri anamva kaphokoso kaja kuchokera kumaso, kampunga kothiridwa m'thumba. Ulendo uno sikanasiye msanga. A Frackson anayang'ana kuchitseko, kenaka anatenga rimoti n'kukweza TV.

M'mawa mwake Mayi Zelipa anavala yunifolomu monga mwa masiku onse, koma sanatenge chikwama. Anakoka mabini atatu kuchokera m'kampata, awiri n'kuika mbali ya a Maynard, limodzi mbali ya paipi. Anatulutsa mipando iwiri ya patebulo, namasula chingwe choyanikira zovala n'kuchizunguliza pa mabini ndi mipando mpaka pevumenti yonse ya pakhomo inatsekeka. Anaimbira ku wodi kuti achedwa. Eiti koloko itakwana anaimbira Jade.

"Musasaine," anatero. "Pansi pa silabu imene munaimapo dzulo pali bowo. Tinathiramo mawilibala anayi a mchenga, osadzaza. Tinavindikira ndi thabwa. Simenti ndinaipaka dothi ndine kuti musaone."



"Liti?" anafunsa Jade.

"Masabata atatu apitawo."

"Mayi..." Jade anapuma mozama. "Musalole aliyense apondepo. Inunso musakhale m'chipinda chakumaso, ndipo muwauze oyandikana nawo. Ndikuimbira a gasi ndi oona za migodi yakale, tifika posachedwa. Za chikole, sindingasaine, ndipo sindikulonjezani kanthu."

"Ndikudziwa."

Atadula foni analembera a Everton mawu ochepa: "Achimwene, auzeni a ku Blantyre abweze tchuthi. Chaka chino sizitheka. Ndifotokoza madzulo." Anagogoda kwa a Maynard n'kuwauza kuti akhale kuseri. A Frackson anatuluka atanyamula makiyi, nayang'ana mipando ndi chingwe. Anasuntha vani yawo kukaiimika kumapeto kwa msewu, kenaka anabwerera wapansi, akutsimphina, n'kudzaima mbali ya paipi.

Mayi Zelipa anatsikira mumsewu. Gulu loyamba la ana a sukulu linali litakhota kale pakona. Anakweza dzanja kuimitsa galimoto imene inkabwera, ndipo anayamba kuwawolotsa anawo awiriawiri kupita mbali inayo.